Dzanja Lodziwa Polekezera

Namwino aliyense amene anachotsapo Jadelle kapena Implanon pamkono wa mayi amadziwa kuti kachubu kaja sikatuluka kokha. Acheka khungu, akankha ndi chala, nsonga yake n'kuonekera, koma kamakakamira. Pa zaka zimene kakhala m'menemo thupi limakhala litakalukira kanembanemba koyera ndi kolimba, ndipo kachubuko kamasolomoka pokhapokha nsonga ya mpeni itang'amba kanembanembako. Thupi limatero ndi chilichonse chachilendo chimene lalephera kuchisungunula kapena kuchilavula. Limachikuta ndi chipsera n'kumakhala nacho.

Thumba la silikoni limene madokotala amaika m'bere nalonso limakutidwa chimodzimodzi. Kungoti ilo ndi lalikulu, lodzaza dzanja, nthawi zambiri la mamililita 300 kapena 400, ndipo kuseri kwake kuli nthiti, kuseri kwa nthiti kuli mapapo. Nembanemba yake madokotala amaitcha capsule. Tsiku lochotsa thumbalo likafika, kulitulutsa n'kwa mphindi zochepa chabe. Maola amathera pa nembanembayo, ndipo m'pamene mmisiri amaonekera.

Matumba oterewa anayamba mu 1962 ku Houston, m'dziko la America, pamene Thomas Cronin ndi Frank Gerow, mothandizana ndi kampani ya Dow Corning, anaika oyamba mwa mayi wina dzina lake Timmie Jean Lindsey. Chiyambire pamenepo ena amawaikitsa pofuna kukulitsa mabere, ena pofuna kubwezeretsa bere limene linachotsedwa chifukwa cha khansa. Palibe thumba lokhala moyo wonse wa munthu. Limatha, limabooka, kapena mwini wake amangotopa nalo. Koma chimene chakhala chikubweza amayi ambiri kufiyeta kuyambira pachiyambi ndi nembanemba yomweyi ikayamba kumanga.

Mwa amayi ambiri imakhala yopyapyala, yofewa, yoti kuwala kumadutsa, ndipo sivuta munthu. Mkati mwake mumakhala moterera. Mwa ena imakhuthala, ulusi wake n'kumakokana mpaka thumba limene linali lophwathalala likhale lobulungira, lolimba, n'kukwera m'mwamba cha kuphewa. Zoyambitsa zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi mabakiteriya a pakhungu amene amamatirira pathumba ndipo mankhwala sawafika bwino, magazi amene anaundana pa opaleshoni yoyamba, silikoni wotayikira, ndi chithandizo cha khansa cha radiotherapy. James Baker anagawa kumangaku m'magawo anayi, ndipo mpaka lero madokotala amalankhula ndi manambala ake. Pa gawo loyamba bere ndi lofewa. Pa lachiwiri lalimbako koma maso saona kanthu. Pa lachitatu maso aona kale kuti lapotoka. Pa lachinayi lauma gwa ndipo likupweteka, mayi sangagone chafufumimba, kukumbatira mwana kumene n'kowawa. Zikakhalitsa zaka makumi awiri kapena atatu, kashiamu amaundana m'nembanembamo mpaka sizasi imachita kulira poidula.

M'zaka za m'ma 1970 njira yake inali ya nkhanza. Dokotala ankagwira bere ndi manja awiri n'kulifinya mwamphamvu mpaka nembanemba iphulike mkati, phokoso lake n'kumveka. Bere linkafewadi kwa kanthawi. Koma nthawi zina chophulika chinkakhala thumba lomwe, silikoni n'kumwazikira m'minofu mpaka kukhwapa. Njirayi inasiyidwa. Ndaitchula chifukwa ikuonetsa kutalika kwa ulendo, kuchokera ku mphamvu ya zigongono kufika pa ntchito imene lero imayezedwa ndi mamilimita.

Dokotala wa lero asanagwire mpeni amakhala atawerenga kale nkhani ya bere limenelo. Thumba linaikidwa liti, ndi losalala kapena lokhakhala kunja, lili pamwamba pa mnofu waukulu wa pachifuwa kapena pansi pake, MRI kapena sikani ikuonetsa kuti ndi lamphumphu kapena labooka, ngati labooka silikoni akadali m'kati mwa nembanemba kapena waidutsa. Amatsina khungu ndi zala ziwiri kuti amve kuti pakati pa khungu ndi thumba patsala mnofu wochuluka bwanji. Mayankho amenewa ndi amene amamuuza kuti nembanemba aisiye, aichotse mbali ina, aichotse yonse m'zidutswa, kapena aitulutse yonse yosabooka thumba lili momwemo. Njira yomalizayi amaitcha en bloc, mawu a Chifalansa amene madokotala a khansa amagwiritsa ntchito potanthauza kuchotsa chotupa chathunthu pamodzi ndi mnofu wabwino wochizungulira.

Aliyense amene anatumbulapo mbuzi amadziwa mphindi ija yochotsa ndulu pachiwindi. Mpeni suloza kundulu, umayenda m'mphepete. Dzanja lina limakoka pang'onopang'ono, osafulumira, chifukwa ikangophulika nyama yonse yawawa. Kutulutsa nembanemba yosabooka yokhala ndi thumba lophulika m'kati ndi ntchito ya mtundu umenewo, kungoti imatenga ola limodzi kapena awiri pa bere limodzi, ndipo mwini nyamayo akupuma.

Dokotala amacheka m'mphindi ya pansi pa bere, pomwe chipsera chidzabisike. Akanakhala kuti akungotulutsa thumba, masentimita 4 kapena 5 akanakwana, poti thumba ndi lofewa, limadzipinda n'kudutsa pang'ono. Koma nembanemba youma sipindika, choncho khomo liyenera kukula molingana nayo. Adutsa mafuta achikasu, mpaka aone chinthu choyera chonyezimira. Apa amaima. Wophunzira amafuna kuboola kuti aone thumba, koma mmisiri amatembenuza mpeni wake wamagetsi n'kuyamba kutsata kunja kwa nembanembayo. Pakati pa iyo ndi mnofu wa bere pamakhala kampata kochepetsetsa, ka ulusi woyera wopyapyala, kamene kamaoneka pokhapokha mbali ziwirizo zitakokedwa motsutsana. Ndiye wothandizira amanyamula bere ndi chitsulo chokhala ndi nyali kunsonga, dokotala n'kukanikiza nembanemba pansi ndi gozi wonyowa, ulusi uja n'kuima njo. Nsonga ya mpeni wamagetsi imangoukhudza, iwo n'kuduka wokha. Kamtsempha kakaonekera amakawotcha kasanaduke, chifukwa magazi akangothimbirira pamalopo kampata kaja kamasowa, ndipo kakasowa munthu amayamba kudula mongoganiza.

Chondisangalatsa pa ntchito imeneyi n'chakuti thumba lenilenilo, limene abwera kudzalichotsa, ndi limene limathandiza. Likakhala m'kati, nembanemba imakhala yokungika, m'mphepete mwake mumaoneka, ndipo dzanja limakhala ndi pogwira. Likangotuluka, imafwamphuka n'kukhala chinsanza choterera. N'chifukwa chake ngakhale dokotala amene akudziwa kuti pamapeto pake adzaitsegula amayamba wazungulira kutsogolo ndi m'mbali thumba likadali momwemo, kufika pomwe maso ake akulekezera. Kumtunda, cha kukhwapa, thumba limayamba kutchinga njira. Kumeneko kuli mitsempha ikuluikulu yopita kumkono, ndipo kudula kumene sukuona n'kusewera ndi moyo wa munthu. Ngati palibe chifukwa chachikulu chosungira nembanemba yosabooka, dokotala wanzeru amayala nsalu kuzungulira bala, n'kuitsegula mwadala pamalo amene wasankha yekha, kutulutsa thumba, kupopa silikoni yense wotayika, kusintha magolovesi ndi zida, kenako n'kumaliza kumtunda akuona bwinobwino.

Kutsogolo ndi kosavutirapo. Nkhani ili kuseri.

Thumba likakhala pamwamba pa mnofu wa pachifuwa, khoma lakuseri la nembanemba limagona pa mnofuwo, ndipo limasendeka popanda mantha ambiri. Koma madokotala ambiri amaika thumba pansi pa mnofu kuti lisamaonekere m'mphepete, ndiye khoma lakuseri limamera pa nthiti zenizeni. Pamwamba pa nthiti pali fupa, mpeni ukalakwa ugunda pouma. Pakati pa nthiti ziwiri pali timinofu topyapyala ta mamilimita ochepa, kuseri kwake kansalu kokuta mapapo, basi. Mwa mayi woonda amene wakhala ndi thumba zaka zambiri timinofu timeneti timakhala titaphwatika, ndipo dokotala amatha kuona mthunzi wa phapo ukuyenda uku ndi uku pansi pa mpeni wake. Akaboola, mpweya umalowa m'chifuwa n'kufinya phapo.

Apa ndi pamene manja amasiyana. Ena amabaya madzi amchere osakaniza ndi adrenaline pansi pa nembanemba ndi jakisoni wopyapyala, atamugoneka kuti asaloze m'kati. Madziwo amafufumitsa malowo, amatukula nembanemba kuichotsa pa nthiti, ndipo adrenaline amafinya timitsempha kuti magazi achepe. Kampata kamene kunalibe kamapangika. Kenako amayambira pamwamba pa nthiti, pomwe pali potetezeka, n'kumatsikira m'chigwa cha pakati pa nthiti pang'onopang'ono, mpeni utagona chammbali, mphamvu ya magetsi atatsitsa. Akwera nthiti ina, atsikanso. Maso amakhala pa mtundu wa zimene akuona. Zoyera ndi nembanemba. Zofiira zokhala ndi mizere yopingasa ndi mnofu wa pakati pa nthiti, ndipo zikayamba kubwera pamodzi ndi nembanemba ndiye kuti walowa kwambiri, abwerere. Wogonetsa odwala naye amakhala tcheru, ndipo pofika pamalo oopsa dokotala amatha kumupempha kuti achepetse kaye mpweya umene makina akupopera m'mapapo.

Akamaliza pali kamwambo kamene ndimakakonda chifukwa cha kuphweka kwake. Amathira madzi amchere m'phanga lotsalalo mpaka nthiti zimire. Wogonetsa amafinya thumba lake la mpweya n'kuligwira kwa masekondi angapo kuti mapapo afufume. Onse amayang'ana pamadzipo. Ngati pali kabowo kofika kuphapo, timathovu timakwera motsatizana, ndipo amasoka pomwepo, mwina n'kuika kapaipi kotulutsa mpweya. Madzi akakhala bata, amawapopa n'kupitiriza.

Tsono funso n'lakuti, kodi chigwa chilichonse cha pakati pa nthiti n'choyenera kuchitsikira? Pali nthawi imene yankho lake ndi inde wosakambirana. Mu 1997 Keech ndi Creech analemba za mayi woyamba wopezeka ndi khansa ina ya maselo a chitetezo cha m'thupi imene imamera m'nembanemba yeniyeniyo, osati m'mnofu wa bere. Lero imadziwika ndi dzina lakuti BIA-ALCL. Bungwe la FDA la ku America linachenjeza za iyo mu 2011, ndipo mu July 2019 kampani ya Allergan inaitanitsa matumba ake okhakhala a Biocell padziko lonse, poti khansayi imapezeka makamaka ndi matumba okhakhala. Ndi yosowa, koma chizindikiro chake n'chodziwika: bere limatupa mwadzidzidzi ndi madzi patapita zaka zambiri, kawirikawiri 7 mpaka 10. Dokotala wosamala sathamangira mpeni. Amayamba wapopa madziwo ndi jakisoni n'kuwatumiza kulabotale kuti akawayeze chizindikiro chotchedwa CD30. Mayi akapezeka ndi khansayi, nembanemba iyenera kutuluka yonse, yosabooka, pamodzi ndi mnofu wabwino woizungulira, ngakhale zitatanthauza kupala nthiti. Mark Clemens ndi anzake a ku MD Anderson ku Houston anaonetsa mu 2016 kuti kuchotsa kotheratu ndi kumene kumapulumutsa, ndipo ambiri amene apezeka nayo msanga amachira ndi opaleshoni yokhayo. Mu 2022 FDA inanenanso za khansa zina zosowa kwambiri zopezeka m'nembanembamu. Pamenepa en bloc ili pamalo pake.

Nembanemba youma ndi kashiamu, yokhuthala ya gawo lachitatu kapena lachinayi la Baker, kapena yonyowa ndi silikoni, nayonso ndi yofunika kuichotsa mmene kungathekere. Ikasiyidwa imamveka ngati chotupa, imasunga madzi, imasokoneza zithunzi za mammogram. Madokotala a ku France ndi ku Britain anaziona zambiri zoterezi kuyambira 2010, zitadziwika kuti kampani ya PIP ya Jean-Claude Mas inkadzaza matumba ake ndi silikoni wa m'mafakitale, ndipo matumbawo ankabooka kuposa ena.

Koma pali gulu lina lalikulu. Awa ndi amayi amene amamva kutopa kosatha, kuphwanya m'mfundo, kuiwalaiwala, kuthothoka tsitsi, ndipo amakhulupirira kuti matumba ndi amene akuwadwalitsa. Kwa nthawi yaitali madokotala ambiri ankawapeputsa, ndipo kumeneko kunali kulakwa. Mu 2021 FDA inalamula kuti pa matumba onse pakhale chenjezo lotchula zizindikirozi, ndiponso kuti mayi aziwerengerana ndi dokotala wake mndandanda wa zoopsa asanavomere. Koma izi zisanachitike, atasowa wowamvera, amayiwa anamverana okhaokha pa Facebook, ndipo kumeneko kunakhazikika chiphunzitso chakuti wosachotsedwa mwa en bloc sachira, kuti kachidutswa kalikonse kotsala ndi poizoni. Ena amafika kwa dokotala atagwira kale foni yodzaza zithunzi za nembanemba zamphumphu zitayalidwa pansalu yobiriwira, n'kunena kuti akufuna yawo idzatuluke chomwecho. Ndipo alipo madokotala amene aona msika pamenepa, amalonjeza en bloc kwa aliyense asanaone n'komwe m'kati, mtengo n'kukwera.

Caroline Glicksman, Patricia McGuire ndi anzawo anafufuza nkhaniyi, ndipo zimene anasindikiza mu 2022 mu Aesthetic Surgery Journal zinaonetsa kuti amayi ambiri otere anapezadi bwino matumba atachotsedwa, koma kupeza bwinoko sikunadalire kuti nembanemba inatuluka yosabooka, yonse m'zidutswa, kapena mbali chabe. Ine ndimaona kuti zotsatirazi zimalemekeza mbali zonse ziwiri. Amayi sankanama za kudwala kwawo. Madokotala amene ankakana kupala nthiti za munthu wopanda khansa nawonso sanali aulesi.

Dokotala amene ndimamusirira ndi uja amene angathe kuchita en bloc bwinobwino, koma amakhala pansi ndi wodwala n'kumuuza zoona: mayi, ndichotsa yonse imene ingachoke popanda kukuvulazani, koma ndikapeza kuti kuseri yamatirira pa nthiti ndipo ndi yopyapyala, yopanda vuto, ndisiya kachigamba. Mawu amenewa amathawitsa makasitomala ena. Ndipo m'fiyeta, nthawi ikafika, amachitadi zimenezo. Wasenda kutsogolo konse, wasenda m'mbali, wafika pa nthiti yachitatu kapena yachinayi, wabaya madzi koma nembanemba yakana kutukuka, ndipo pansi pake akuona phapo likuyenda. Akanatha kukakamira kuti chithunzi chidzakongole. M'malo mwake amadula mozungulira, n'kusiya kachigamba kakang'ono, n'kukawaula pamwamba ndi mpeni wamagetsi kuti kasamatulutse madzi ndiponso kuti mnofu ukagonapo umere. Nembanemba yopyapyala yotere, thumba likachoka, nthawi zambiri imafota yokha.

Kuleza komweko kumafunikanso kutsogolo, pa chifukwa china. Mayi amene bere lake linachotsedwa chifukwa cha khansa amatsala ndi khungu lokhalokha pamwamba pa thumba, mwina lowaulidwa kale ndi radiotherapy. Nthawi zina nembanemba ndi imene ikulimbitsa khungulo, ndipo timitsempha tolidyetsa tili pomwepo. Kuisenda yonse n'kupha khungu: mawa lake limada, sabata yamawa bala latseguka. Chimodzimodzi kuseri kwa nsonga ya bere mwa mayi woonda amene akufunanso kuti bere likwezedwe pa opaleshoni yomweyo. Dokotala amaika chala kunja, nyali m'kati, n'kuona mmene kuwala kukudutsira. Pakapyapyala kwambiri amasiya.

Palinso nkhani ya kutalika kwa bala, imene ife a khungu lakuda sitiyenera kuiona mopepuka. Zipsera zotupa zija zimene ena amatuluka nazo akangoboola khutu zimakonda khungu lathu, ndipo pachifuwa ndi pamalo pamene zimakonda kumera. Mayi wa kwathu amene ali ku Johannesburg kapena ku Manchester akamapempha bala lalitali pofuna nembanemba yamphumphu, ayenera kudziwa chimene akusinthanitsa.

Zotsala zimachitika mwachangu koma sizochepa. Phanga limatsukidwa ndi madzi ambiri. Dokotala amapempha kuti BP ya wodwala ikwezedwe kufika pamene imakhala masiku onse, kuti kamtsempha kamene kanangogona kaonekere panopa, osati usiku kuwodi. Mnofu wa pachifuwa umene unatukulidwa zaka zapitazo amaubwezera pansi n'kuusokerera, apo ayi bere lizidzadumpha mayi akamanyamula kanthu. Mphindi ya pansi pa bere, ngati inatsika, amaimanganso ndi ulusi. Amaika kapaipi kotulutsa madzi, chifukwa malo osendedwa chonchi amachucha kwa masiku angapo. Nembanemba ya kumanja ndi ya kumanzere zimapita kulabotale m'mabotolo osiyana, ndipo ngati panali malo okayikitsa amasokererapo kaulusi kuti woyeza adziwe poyambira. Thumba amalijambula, n'kulemba dzina la kampani ndi nambala yake ngati ikuwerengeka.

Kenako amakhala pansi n'kulemba m'failo. Salemba kuti en bloc pamene nembanemba inang'ambika panjira, ngakhale wodwala angakonde kumva mawu amenewo. Amalemba kuti kutsogolo ndi m'mbali yachoka yonse, kuseri kwatsala kachigamba ka masentimita akutiakuti pa nthiti yakutiyakuti, kumanzere, kowaulidwa. Patapita zaka khumi, dokotala wina amene sanamuonepo adzaona kamzere pa sikani ya mayiyo, adzatsegula failo, ndipo sadzafunika kumubaya singano kuti adziwe kuti n'chiyani.